Sipayo, Tonde wa Silvestre

"Amayi, kodi ndalama mukaibzala imamera?"

Anafunsa funso limeneli ndi Silvestre ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku limene anatola kinyenta, kandalama ka theka la esikudo, panjira ya kutchalitchi. Mayi ake anali kupeta mapira, choncho anangoyankha mosaganiza kuti, "Eee, imamera. Choka apa, mungu ukulowa m'maso." Mwanayo anakhulupirira. Anakakumba kadzenje kuseri kwa nkhokwe, nakwirira kinyenta ija, ndipo kwa milungu itatu ankathirira m'mawa uliwonse. Chimene chinamera ndi bonongwe. Atafukula sanapeze kanthu, pakuti wina anali atakolola kale. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unamutcha Kinyenta, ndipo dzinalo linamukakamira ngati chisoso pa thalauza.

Pofika chaka cha 1968 Silvestre anali mnyamata wa zaka makumi awiri, wotchola tiyi m'minda ya kampani m'tsinde mwa phiri la Tumbine. Sanali waulesi, ndipo mowa sankaudziwa. Vuto lake linali limodzi: ndalama sizinkagona kawiri m'thumba mwake. Njira yochokera kolandirira malipiro inkadutsa pakhomo pa kantina, ndipo m'kantinamo munali shuga, nsomba za m'chitini, mafuta a tsitsi onunkhira, ndi tigalasi tokhala ndi chithunzi cha mkazi kumbuyo. Zotsala zinkakumana ndi achibale. Anthu amene mwezi wonse sankafunsa ngati ali moyo, Loweruka la malipiro ankapezeka atakhala pakhonde pake, aliyense ndi dzino lomupweteka kapena mwana wodwala. Silvestre anali wofewa mtima. Pofika Lachiwiri ankakhala akubwereka mchere.

Tsono mnyamatayu anakonda Palmira, mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje amene ankaimba m'kwaya. Palmira naye anamukonda, ngakhale ankamuseka. Tsoka lake linali lakuti atsibweni ake a Palmira, a João Baptista, anali telala, ndipo makina awo ankakhala pakhonde la kantina yomwe ija. Mwezi ndi mwezi ankaona Silvestre akulowa thumba lili tudzu, n'kutuluka atanyamula zinthu ngati mlendo wochokera ku Joni.

Tsiku la Pasaka, Misa itatha, a João Baptista anamuitanira Silvestre pansi pa mtengo wa mango.

"Mwanawe, ndamva kuti maso ako ali pa mbumba yanga," anatero a João Baptista. "Kuno sitigulitsa ana, ndiye ng'ombe sindikufunsa. Koma ine ndimakhala pakhonde paja, ndipo singano siinanditsirize maso. Lero ndi Pasaka. Pasaka ya chaka chamawa udzandionetse chinthu chako chimene wasunga, ndipo chachuluka. Chikakhalapo, ankhoswe ako abwere. Chikapanda kukhalapo, pali mnyamata wa ku Molumbo amene wafika kale kwathu kawiri, ndipo kawiri konseko anabwera pa njinga yakeyake."

Silvestre anabwerera kwawo. Anakhala pachitsa kuseri kwa nyumba, mpaka anamuona mayi Ermelinda, oyandikana nawo nyumba. Mayiwa anali amasiye, ankagula nyemba m'midzi n'kukagulitsa kumalire kwa anthu ochokera ku Malawi, ndipo anali ndi mbuzi zitatu, zonse zazikazi: zikuluzikulu ziwiri ndi kamsoti kamodzi. Pakamwa pawo panali pakuthwa, koma palibe anawaonapo akupempha mchere.

"Iwe Kinyenta, nkhope yagwa bwanji? Wabzalanso ina?"

Silvestre anawafotokozera zonse. Mayi Ermelinda anamvetsera akusankha nyemba, kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwanje.

"Pita kudambo, ukadule nsungwi yokhwima, yaikulu ngati mkono wako. Usiye mfundo uku ndi uku."

Atabwera nayo, mayiwo anaboola kampata kopyapyala pafupi ndi mfundo ya pamwamba, kongokwana ndalama yachitsulo, ndipo anaisomeka kudenga la khonde lawo pakati pa nsungwi zina.

"Iyi ndiye banki yako. Tsiku la malipiro usadzere kukantina, uzidzera kuseri kwa bwalo la mpira. Usanafike kwanu uziyamba wafika kuno, uponyemo maesikudo makumi awiri. Zotsalazo ndiye udye, upatse achibale, ugule tigalasi tako."

"Nanga azakhali akadwaladi?"

"Akadwaladi tidzaing'amba, ndipo ndidzapita nawe kuchipatala kukawaona. Koma nsungwi ilibe azakhali, mwanawe. Simva kulira. Mayi anga ankati vakhani vakhani, pang'onopang'ono. Ikadzalemera ukagule msoti wa mbuzi. Wamva? Msoti. Mbuzi ndiyo ndalama imene imamera."

Mwezi woyamba unali wowawa. Silvestre anaponya ndalama ija, namva ikugwa kuti ngwee m'nsungwi yopanda kanthu, ndipo mtima wake unagwera momwemo. Lachinayi lake mayi Ermelinda pochokera kumadzi anamupeza ataimirira pamtondo, akutokosa kampata kaja ndi udzu.

"Ukufuna chiyani kudenga kwanga?"

"Ndimaona ngati mwalowa chiswe, amayi."

"Chiswe chake ndi chimene chaimirira pamtondo wangachi. Tsika!"

Mwezi wachiwiri achibale anadandaula kuti kampani yayamba kubera anthu malipiro, ndipo Silvestre sanawatsutse. Mwezi wachitatu anaona kuti tsitsi limakula ndithu ngakhale popanda mafuta onunkhira. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi ndalama inkati ikagwa, sinkalira kuti ngwee koma kuti tchwa, pakuti inkagwera pa zinzake. Mu Okutobala anaing'amba nsungwiyo, ndipo munatuluka maesikudo zana limodzi ndi makumi atatu, chifukwa miyezi ina ankawonjezera tating'ono. Silvestre anali asanaonepo ndalama zake zochuluka chotero pamalo amodzi. Anazimanga pampango, napita kumsika wa ku Mongue.

Misoti inalipo, iwiri kapena itatu, yoonda chifukwa cha chilimwe, maso ali pansi ngati yapalamula. Koma pambali pake, atamangidwa pamtengo payekha, panali tonde. Anali wakuda bii, khutu lakumanzere lokha loyera, nyanga zopotoka, ndevu zofika pachifuwa ngati za padiri wamkulu wa kumishoni. Mwini wake, bambo wina wolankhula mokoma dzina lake Germano, anaona pamene maso a mnyamatayo aima.

"Achimwene, mukufuna mbuzi kapena mukufuna ulemu?"

"Ndikufuna msoti."

"Msoti! Ndiye mukawaonetse akuchikazi kamsoti ka nthiti zowerengeka, iwo akati apeza mkamwini? Taonani uyu. Msoti umabereka kamodzi, mwina kawiri pachaka. Uyu yekha amabereketsa mudzi wonse. Werengani nokha, inu mwaphunzira."

Silvestre anawerengadi, ndipo masamuwo anaoneka olondola. Anaganizanso za mnyamata wa ku Molumbo ndi njinga yake, naona kuti njinga ilibe ndevu. Anamasula mpango.

Mayi Ermelinda atamuona akulowa m'mudzi akukokedwa ndi tondeyo, anatula mtsuko pansi, nakhala pamwala.

"Ndinakutuma msoti. Wandibweretsera ndevu."

"Amayi, uyu amabereketsa mudzi wonse."

"Eya. Ndiye mudzi wonse ukuthokoze." Anapukusa mutu. "Wabzalanso kinyenta, mwanawe. Kuthirira kokha ndiye umatha."

Mlungu usanathe tondeyo anali atapeza dzina. Ankalowa pakhomo la aliyense popanda odi, n'kutenga chimene wafuna, ndipo ukamukalipira ankakuyang'ana ngati wolakwa ndiwe. Anthu anamutcha Sipayo, monga apolisi a boma aja, koma ankatchula motsitsa mawu akaona chipewa chofiira cha apolisiwo panjira. Anadya sopo wa anthu, anadya katekisimu wa mwana wa mphunzitsi, ndipo fungo lake linkafika m'nyumba iye asanafike. Palmira atabwera kudzamuona anaima patali, atatseka mphuno ndi nsalu.

"A Silvestre, ndiye ameneyu adzachuluka liti?"

"Dikirani muone."

"Ine ndikudikira. Koma wa njinga uja wabweranso, wawabweretsera atsibweni botolo la mafuta a makina." Anasiya kuseka. "Ine ku Molumbo sindikufunako. Musandipititseko chifukwa cha ndevu za mbuzi."

Mawu amenewo anamukhala Silvestre pamtima. Loweruka la malipiro linafika, ndipo poweruka miyendo yake inadzera yokha kuseri kwa bwalo la mpira. Anangozindikira ali pakhonde la mayi Ermelinda, ndalama ili m'manja, nsungwi palibe. Anachita manyazi kubwerera nayo. Anabwereka chikwanje, napita kudambo. Mayiwo anamuona akusomeka nsungwi yatsopano kudenga, napitiriza kusankha nyemba zawo.

Mvula itayamba, mbuzi zonse zinamangidwa pazingwe monga mwa nthawi zonse. Apa ndi pamene Silvestre anaona chinthu chimene chinamubwezera tulo. Mbuzi za mayi Ermelinda, zimene zinatha zaka ziwiri osabereka chifukwa tonde wa m'mudzimo anaphedwa pamaliro, zinayamba kutukuka mimba. Zonse zitatu, ngakhale kamsoti kaja. Silvestre sanauze munthu. Ankangodutsa pakhola m'mawa, n'kumawerenga chamumtima. Mu Malichi zikuluzikulu ziwiri zinaswa, iliyonse mapasa. Ana anayi, ndipo aliyense khutu lakumanzere loyera! Tsiku limenelo anamugulira Sipayo mchere.

Patatsala masiku asanu kuti Pasaka ifike, Sipayo anatafuna chingwe. Mayi Ermelinda anali atayanika nyemba zawo zonse za malonda pamphasa zitatu, napita kumadzi. Pobwera anapeza tondeyo ali pakati, wadya mpaka mimba yatupa ngati ng'oma, zotsala wazipondereza m'matope a mvula ya dzulo lake, ndipo mphasa imodzi waiyamba kale m'mphepete. Kukuwa kwawo kunamveka mpaka kutsidya.

"Maesikudo makumi asanu ndi awiri! Mpamba wanga wonse uli m'mimba mwa chigawenga ichi! Iwe Kinyenta, pofika Lamlungu undipatse ndalama zanga, apo ayi ndimuitana wogulitsa nyama uja adzamutenge!"

Lamlungu la Pasaka masana, a João Baptista anafika atavala jekete losoka okha, Palmira akubwera pambuyo. Silvestre anawalandira, nawatsogolera molunjika kukhola la mayi Ermelinda. Mayiwo anali pakhonde, nkhope ili gwa.

"Bambo, munati chinthu changa chimene chachuluka," anatero Silvestre. "Uyo ndi tonde wanga. Anali mmodzi. Tsopano onani: mmodzi, awiri, atatu, anayi. Musafunse zambiri, ingoonani makutu."

A João Baptista anawerama, nayang'ana makutuwo mmodzimmodzi, mosafulumira, ngati akuyesa nsalu.

"Makutu ndi a bambo wawo, palibe angakane. Tsono khola ili ndi la yani?"

"La mayi Ermelinda."

"Zimene zikuyamwitsazi?"

"Zawo."

Telalayo anaweramuka, napukuta magalasi ake.

"Mwanawe, ndikufunse. Palmira uyu mphuno yake ndi ya bambo ake, aliyense amaona. Nanga bwanji sunapite kwa bambo akewo kukamupempha? Bwanji ukutuluka thukuta pamaso pa ine?"

Silvestre anapukuta thukutalo pamphumi.

"Chifukwa mwana ndi wa kwa mayi ake," anapitiriza a João Baptista. "Iweyo ukufuna kubwera kwathu kuchikamwini. Ana ako adzakhala ndi makutu ako, koma adzakhala mbumba yanga. Zimenezi wazidziwa chibadwire. Ndiye unaganiza kuti kwa mbuzi kuli lamulo lina? Kuti mbuzi ndi Angoni?"

Palmira anatembenuka, mapewa akugwedezeka, ndipo sizinkadziwika ngati akuseka kapena akulira. Ngakhale mayi Ermelinda pakamwa panawasuntha pang'ono, koma anakumbukira nyemba.

"Ndipo si zokhazo, bambo," anatero mayiwo. "Mkamwini wanu wa miyendo inayiyo wandidyera mpamba. Lero ndi tsiku lake. Wogulitsa nyama wati apereka makumi asanu ndi awiri, ndendende mtengo wa nyemba zanga."

"Ndiye kuti tonde anali mmodzi, mawa sakhalapo n'komwe," anatero a João Baptista, osati mwankhanza. Anayamba kumanga mabatani a jekete. "Pepa, mwanawe. Ine ndinanena poyera."

Silvestre anayang'ana Palmira, nayang'ana Sipayo, amene anali kubzikula nyemba zomwezo mopanda chisoni. Nsungwi ya kudenga ija ankaisungira msoti, ndipo sanaiyese chinthu choonetsa munthu, poti ndalama zogona m'nsungwi sizibereka. Koma ngongole inali yoona, ndipo mayiwa anamuchitira zabwino. Anakwera pamtondo, nasolola nsungwiyo, naiika pamphasa yodyedwa ija, n'kuimenya ndi chikwanje. Ndalama zinamwazika kuti waa.

A João Baptista anasiya batani lili m'manja.

Silvestre anawerenga mokweza. Zinakwana zana limodzi ndi makumi awiri. Anapatula makumi asanu ndi awiri, nagwada, napereka kwa mayi Ermelinda ndi manja awiri.

"Za nyemba, amayi. Mphasayi ndidzaluka ina."

Mayiwo anawerenganso okha, namanga pansonga ya nsalu.

"Zatsala makumi asanu," anatero Silvestre asanadzuke. "Ndigulitseni kamsoti kali ndi bereko."

"Kameneko ndi zana. Ndipo ndakuchotsera chifukwa ndi Pasaka."

"Ndiye ndigulitseni theka."

"Theka la mbuzi yamoyo?"

"Eya. Ine nditenge lakumbuyo."

Mayi Ermelinda anaomba m'manja. "Tamumvani! Ine nditsale ndi kumutu, kumene kumadya, iye atenge kumene kumatuluka ana! Ndani wakuphunzitsa kuchenjera kotere?"

"Inu, amayi."

Apa Palmira analephera kudzigwira, anaseka mpaka anakhala pansi. Anakangana kwa kanthawi, wina akuti mchira uli mbali yanga, wina akuti nanga ikadwala mutu alipira ndani, mpaka anagwirizana kuti mbuzi sidulidwa: ikhale ya onse awiri, ndipo ana azigawana mosinthana.

A João Baptista nthawi yonseyi anali atatola chibanthu cha nsungwi, akuchitembenuza.

"Ine ndinaona kuti wasowa pakantina," anatero. "Ndinkayesa wapeza kantina ina. Nsungwi imeneyi wayamba liti?"

"Iyi ndi yachiwiri, bambo. Yoyamba ndi imene inagula Sipayo."

"Utaona kuti wagula mphepo, sunaleke?"

"Ndinafuna kuleka. Miyendo ndi imene inazolowera njira."

"Miyezi khumi ndi iwiri, sanadumphe ngakhale umodzi," anatero mayi Ermelinda. "Kupusa ali nako, sindingamubisire. Koma amapusa kamodzi pachaka. Ena amapusa Loweruka lililonse."

Telalayo anapita kukhola, nagwira mimba ya kamsoti kaja ndi dzanja, namva kanthu kakusuntha. 

"Tonde sanachuluke," anatero pomaliza. "Koma nsungwi inali imodzi, zakhala ziwiri, ndipo theka la mbuzi ili lili ndi mwendo ukukankha m'kati. Wa ku Molumbo uja njinga anasiyiridwa ndi malemu atsibweni ake, ndipo matayala atha, sanasinthe. Uwauze ankhoswe ako abwere Loweruka. Koma tondeyu asadzaponde kwathu. Ndili ndi nsalu za anthu."

Ananyamuka. Palmira powatsatira anacheuka, nanena motsitsa, "Tsalani bwino, a Kinyenta. Yamera tsopano."

Atapita alendowo, anthu awiri oyandikana nyumba aja anatsala akutola tindalama tina timene tinagwera m'fumbi.

"Ndiye ukapita kuchikamwini, theka lakoli udzalinyamula bwanji?" anafunsa mayi Ermelinda.

"Lidzatsala konkuno, amayi. Kumeneko ndikakhala mlendo, ndipo ndamva lero mmene amawerengera ana. Koma Sipayo ndimugulitsa, asakusautseninso."

Mayiwo anayang'ana ana anayi aja akudumphadumpha m'khola, nakanda m'mutu.

"Usafulumire. Chigawenga ndi chigawenga, koma ntchito yake amaigwira. Msiye. Nyemba ndizidzayanika padenga."

"Ndiye ndimumangira khola la mitengo ya mlombwa ndisanachoke, ndipo ndigula unyolo. Unyolo satafuna."

"Chabwino. Tsono imva, ndipo Mulungu akumva. Mwana woyamba wa kamsotika ndi wako, wachiwiri wanga, choncho mpaka kadzakalambe. Mbuzi zanga zina zikaswa mapasa a khutu loyera, pa mapasa achitatu alionse mmodzi ndi wako, lamulo likhalepo kapena lisakhalepo. Ndipo nsungwi yako padenga panga palibe adzaikhudze ine ndili moyo, ngakhale azakhali ako abwere atamanga chibwano."

Silvestre anawagwira dzanja, lina atagwirizira pachigongono.

"Inenso ndikulonjeza, amayi. Loweruka lililonse la malipiro ndizidzawoloka mtsinje, kuyamba kuno ndisanafike kwa mkazi wanga. Ndipo ikadzadzaza nsungwi yachitatu, kumsika tidzapitira limodzi. Mpango mudzanyamule ndinu."